Sitima ya M'filimu ndi Sitima Yeniyeni

Inu achinyamata a ku Chongwe, ambiri a inu nyanja mumaionera m'mafilimu. Koma kodi zonse zimene muona n'zoona?

M'filimu ya The African Queen ya 1951, mabomba a azungu awiri amiza sitima yankhondo ya Ajeremani. Nkhaniyi anaitengera ku nkhondo ya pa Nyanja ya Tanganyika. Komatu sitima yeniyeniyo, Graf von Goetzen, anaimiza ndi Ajeremani eni ake mu 1916, pafupi ndi Kigoma, poopa kuti adani angailande. Angelezi anaivuula, ndipo mu 1927 inayambanso ntchito ndi dzina lakuti Liemba. Kwa zaka zambiri inanyamula anthu ndi katundu kudzafika ku Mpulungu, m'dziko lathu lino.

Tsono filimu ikatha, dzifunseni: nanga mbiri ikuti bwanji?