Chiyembekezo cha Amalawi m'Chaka cha 1994

M'mbiri ya dziko la Malawi muli masiku owerengeka amene anthu adakondwera monga momwe adachitira pa 21 Meyi 1994. Patsikuli namtindi wa anthu udakhamukira ku bwalo la Kamuzu Stadium mumzinda wa Blantyre kukaona a Bakili Muluzi akulumbira kukhala mtsogoleri wachiwiri wa dziko lino. Pa 17 mwezi womwewo Amalawi adali ataponya voti pa chisankho choyamba cha zipani zambiri chilandirireni ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1964. Mwa anthu 100 alionse amene adavota, 47 adasankha a Muluzi a chipani cha UDF, 33 adasankha Dr. H. Kamuzu Banda a chipani cha MCP, pamene 19 adasankha a Chakufwa Chihana a chipani cha AFORD. Dr. Banda adavomera kugonja kudzera pa wailesi, ndipo ulamuliro udasintha popanda kukhetsa mwazi.

Anthu ambiri panthawiyo adakhulupirira kuti mantha ndi umphawi zichokera limodzi. Kuti munthu amvetse chimene chidawapatsa chikhulupiriro choterechi, ayenera kuyamba waona mmene zinthu zidalili kale. Kwa zaka makumi atatu Amalawi adakhala otseka pakamwa. Nyuzipepala zikuluzikulu zidali ziwiri, Daily Times ndi Malawi News, ndipo zonsezi zidali m'manja mwa olamula. Kumidzi kunkafika Boma Lathu, nyuzipepala ya boma ya m'Chichewa. Wailesi idali imodzi yokha, ya MBC, ndipo ya kanema kudalibe. M'chaka cha 1968 boma lidakhazikitsa lamulo lopatsa mphamvu bungwe lapadera kuti liziunika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, n'kumaletsa zimene silidagwirizane nazo. Mlakatuli Jack Mapanje adatsekeredwa kundende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Choncho wofuna kumva zoona zenizeni za dziko lake ankatchera khutu ku wailesi zakunja monga BBC, atatsitsa mawu kuopa anansi.

Zinthu zidayamba kusintha pa 8 Marichi 1992 pamene kalata ya mabishopu a Mpingo wa Katolika idawerengedwa m'matchalitchi. Kalatayo idadzudzula kumanga anthu popanda mlandu, kuchepa kwa malipiro ndi kusowa kwa ufulu wolankhula. Boma lidailetsa, koma anthu adaichulukitsa mobisa ndi makina a m'maofesi mpaka idafika paliponse. Mu Epulo a Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi apantchito adanyanyala ku Blantyre, ndipo maiko othandiza Malawi, atakumana ku Paris, adaimika chithandizo chawo chambiri. Mapeto ake adali riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene anthu oposa 60 mwa 100 alionse adasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, n'kusiya tambala wakuda.

M'miyezi imeneyi nyuzipepala zidamera ngati bowa wa m'dzinja. Zidapitirira makumi awiri, ndipo zina mwa izo zidali The Independent, The Monitor, The New Express, Michiru Sun, Malawi Democrat ndi The Nation, imene idayamba kutuluka mu Julayi 1993. Anyamata ankazigulitsa m'misewu ya Blantyre, Limbe, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo pepala limodzi linkawerengedwa ndi anthu ambiri mpaka kung'ambika. Kwa nthawi yoyamba anthu adaona zithunzi zojambula pamanja zonyogodola akuluakulu a boma, wojambulayo n'kugona kunyumba kwake. Nkhani zimene kale zinkangonong'onedwa pamaliro zidalembedwa poyera. Atolankhani amenewa ndiwo adathandiza kwambiri kuchotsa mantha m'mitima ya anthu. Ambiri mwa iwo adathandizanso kufesa maganizo akuti mtsogoleri watsopano akangolowa, zonse zikhala bwino.

Boma latsopano lidayambadi ndi ntchito zooneka. A Muluzi adalamula kuti ndende zina zimene ankasungirako akaidi a ndale zitsekedwe, ndipo ya Dzaleka m'boma la Dowa idasanduka malo osungirako anthu othawa nkhondo kwawo. Adakhazikitsa gulu lofufuza za imfa ya a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, amene adaphedwa ku Mwanza m'chaka cha 1983. Malamulo atsopano oyendetsera dziko adateteza ufulu wolankhula m'gawo 35 ndi ufulu wa atolankhani m'gawo 36. Koma chimene chidakhudza khomo lililonse chidali kuthetsedwa kwa fizi ya kusukulu za pulayimale. Mu Seputembala 1994 chiwerengero cha ana a sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni kapena kuposerapo pang'ono. Ana amene ankaweta mbuzi ndi kulera makanda adanyamula makope kulinga kusukulu. Pambuyo pake padabweranso thumba la MASAF, limene lidathandiza anthu kumanga okha sukulu, milatho ndi mijigo m'madera mwawo.

Komabe akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ana ochulukawo adapeza zipinda zophunziriramo zili zochepa, kotero kuti ambiri adaphunzirira pansi pa mitengo, mvula ikabwera n'kuweruka. Boma lidalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000, ndipo ambiri mwa iwo adali asadapite ku koleji ya zauphunzitsi. Adangophunzitsidwa masabata owerengeka n'kupatsidwa choko. Mphunzitsi mmodzi ankayang'anira ana oposa 100, ndipo ambiri mwa anawo adasiyira sukulu panjira asadafike Sitandade 8. Chuma nachonso sichidayende monga anthu ankafunira. Kumayambiriro kwa 1994 dola imodzi ya ku America inkagulidwa ndi ndalama zosakwana K5, koma pofika kumapeto kwa chakacho inkagulidwa ndi K15. M'chaka cha 1995 mitengo ya katundu idakwera ndi 80 peresenti kapena kuposerapo. Wapantchito amene adavina pa 21 Meyi adaona kuti malipiro ake akutha mwezi usadafike pakati.

Nanga atolankhani adachitapo chiyani? Apa ndi pamene padaonekera kufooka kwa nyuzipepala zambiri za nthawiyo. Zochuluka zidali ndi mbali pa ndale. The Nation idayambitsidwa ndi a Aleke Banda, mmodzi mwa akuluakulu a UDF, Malawi Democrat inkakometsera AFORD, pamene Daily Times idakhalabe kumbali ya MCP. Motero chinthu chimodzimodzi chinkayamikiridwa uku n'kunyozedwa uko, ndipo wowerenga ankavutika kudziwa choona. Zambiri zidafa patangopita zaka zochepa chifukwa chosowa ndalama zosindikizira. Kuwonjezera apo, pafupifupi zonse zinkalembedwa m'Chingerezi ndi kugulitsidwa m'matauni, pamene anthu ochuluka adali kumidzi kumene wailesi ndiyo inkamveka. Wailesi ya MBC idasintha mayina a oyamikiridwa koma chizolowezi chotamanda chipani cholamula sichidathe. Pa chisankho cha 1999, chimene a Muluzi adapambananso, zipani zotsutsa zidadandaula kwambiri kuti sizinkapatsidwa mpata wokwanira pa wailesiyo.

Ngakhale zidali choncho, khomo limene lidatseguka silidatsekekenso. Lamulo la zofalitsa nkhani la 1998 lidakhazikitsa bungwe la MACRA lopereka zilolezo kwa ofuna kutsegula wailesi. Power 101, Capital Radio ndi Radio Maria zidayamba kumveka, ndipo wailesi ya kanema ya Television Malawi idatsegulidwa mu Epulo 1999. Anthu wamba adayamba kuimba lamya kuwailesi n'kumafunsa nduna mafunso. Nyuzipepala zimene zidapulumuka zidaphunzira pang'onopang'ono kuti wowerenga amagula pepala lonena zoona. Zidaulula nkhani za katangale mu unduna wa zamaphunziro, ndipo pa njala ya 2001 ndi 2002 zidafunsa kumene chidapita chimanga cha m'nkhokwe za boma, anthu akufa m'midzi.

Mayeso aakulu adafika m'chaka cha 2002. Malamulo a dziko amalola mtsogoleri kulamulira zigawo ziwiri zotsatizana za zaka zisanu, koma ena m'chipani cholamula adafuna kuchotsa malire amenewa kuti a Muluzi aimenso. Mipingo idalemba makalata otsutsa, mabungwe adachenjeza, ndipo nyuzipepala ndi wailesi zoima pazokha zidafalitsa maganizo a mbali zonse, ngakhale atolankhani ena ankaopsezedwa ndi kumenyedwa ndi achinyamata a ndale. Mu Julayi 2002 nkhaniyi idafika ku Nyumba ya Malamulo, ndipo idalephera chifukwa choperewera mavoti atatu okha. Kuyesanso kwa mu Januwale 2003 sikudaphule kanthu. M'chaka cha 2004 a Muluzi adatula pansi udindo ndipo a Bingu wa Mutharika adalowa m'malo mwawo. Anthu amene adaimba nyimbo zotamanda mtsogoleri mu 1994 ndi omwewo amene adatha kumuuza kuti nthawi yakwana, ndipo adatero pogwiritsa ntchito ufulu umene udakhazikika mu ulamuliro wake womwewo.

Tsono kodi chiyembekezo cha 1994 chidapita pachabe? Umphawi umene anthu ankati utha msanga udakhalapobe, ndipo maphunziro aulere adabwera ndi mavuto amene adatenga zaka zambiri. Koma ana mamiliyoni adadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo Mmalawi adazolowera kulankhula za boma lake masana dzuwa likuswa mtengo. Cholakwika cha ambiri chidali kusenzetsa munthu mmodzi katundu yense wa dziko, kuiwala kuti mutu umodzi susenza denga. Chitukuko chimalira malamulo olimba, aphungu olimba mtima ndi atolankhani amene amayamikira poyenera ndi kudzudzula poyenera. Mtsogoleri wanzeru sadana ndi mtolankhani woteroyo, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.