Galimoto Yomangidwa ndi Mabawuti

Kuseri kwa maofesi ena a paboma, kapena pamishoni yakale, mukhoza kupeza Land Rover itakhala panjerwa, matayala anachoka kalekale, nkhuku zikuikira mazira pansi pa chiwongolero. Ife timaiyesa mtembo. Koma ku Britain, ku Australia ndi kwina kuli anthu amene amagula mtembo wotere, naukokera pakhomo, nauphwasula mpaka kutsala chasisi chokha, ndiye kuti msana wachitsulo umene injini, mawilo ndi bodi zimamangidwapo. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu galimotoyo imaliranso. Nanga munthu wamba, wopanda fakitale, amaitha bwanji ntchito yotere, pamene pa magalimoto ambiri a lero sangayerekeze n'komwe? Yankho lake lili mu umphawi wa dziko la Britain itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

M'chaka cha 1945 kampani ya Rover inali pamavuto. Fakitale yake ya ku Coventry inaonongeka ndi mabomba mu 1940, ndipo kampaniyo inasamukira ku Solihull, m'nyumba zimene munkapangidwa mainjini a ndege. Chitsulo chinali chosowa, ndipo boma linkachigawa makamaka kwa makampani ogulitsa katundu kunja. Rover inkapanga magalimoto a mabwana, amene kunjako analibe msika weniweni. Tsono Maurice Wilks, mkulu wa akatswiri a pakampanipo, amene ankagwiritsa ntchito Jeep ya asilikali a ku America pafamu pake ku Anglesey, anapangana ndi mkulu wake Spencer, woyendetsa kampaniyo, kuti apange kagalimoto ka alimi kongodikirira nako masiku abwino. Yoyeserera ya mu 1947 inamangidwa pa chasisi cha Jeep, chiwongolero chili pakati ngati cha thirakitala. Yeniyeni inaonetsedwa ku Amsterdam pa 30 April 1948, ndipo mtengo wake unali £450.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Popeza inali galimoto yongoyembekezera, a Rover sanafune kutaya ndalama pa makina akuluakulu opindira zitsulo. Motero chasisi anachipanga poduladula mizere yachitsulo yathyathyathya ndi kuiwotcherera inayiinayi, kuti ikhale ngati bokosi lalitali. Bodi anaipanga ndi aluminiyamu wotchedwa Birmabright, amene sanali wosowa ngati chitsulo, ndipo mbali zake zinali zowongoka, zosavuta kupinda. Zonsezi anazilumikiza ndi mabawuti ndi maliveti. Chimene chamangidwa ndi bawuti chimamasuka ndi sipanala. Sanachite izi poganizira amakanika a zaka 70 zam'tsogolo ayi. Anachita chifukwa m'thumba munali mopepuka. Kagalimoto kongodikirirako kanayamba kugulidwa kuposa magalimoto a mabwana aja, ndipo kanafika m'maiko onse amene Britain inkalamulira, ndi Nyasaland yemwe, kumene kanakhala galimoto ya bwana disii, ya apolisi ndi ya chipatala.

Wokonzanso galimoto yotere pakhomo amangobwerera m'mbuyo m'mapazi a anthu a ku Solihull. Amachotsa denga, zitseko, mapiko a kutsogolo, bokosi la mipando ndi bodi ya kumbuyo. Chimatsatira ndi chipupa chachitsulo cholekanitsa injini ndi woyendetsa, chimene kawirikawiri chimakhala chitadyeka popondera mapazi. Kenaka injini, giyabokosi, masipuling'i ndi maekiselo. Bawuti aliyense amaikidwa m'kachitini kolembedwa, pakuti amene adalira mutu wake adzalira tsiku lomanga. Pa zakale kwambiri mabawutiwo ndi a muyeso wa Whitworth, kotero masipanala a mamilimita amangoterereka ndi kusenda zala.

Chasisi chikatsala chokha pabwalo, m'pamene bodza la galimotoyi limaululika. Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, choncho Land Rover imaoneka yathanzi kunja pamene msana wake watha. Bokosi lachitsulo lija limasunga matope ndi madzi m'kati, ndipo limaola kuchokera m'katimo, makamaka mtanda wa kumbuyo ndi timikono tonyamula bodi. Ku Britain mchere umene amathira m'misewu nthawi yachisanu umafulumizitsa ntchitoyi. Pamene aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo pali chinyezi, nayenso amadyeka, nasanduka ufa woyera. Wokonzayo amagogoda chasisi chonse ndi hamala: pamene palira bwino m'pamoyo, pamene pamveka gwa! ngati mphika wosweka amadulapo ndi kuwotcherera chigamba.

Tsono pali mkangano umene eni magalimotowa sanaumalize. Pali makampani ogulitsa chasisi chatsopano choviikidwa mu zinki, ndipo ambiri amangogula chimenecho. Ena amati ukachotsa chasisi wachotsa galimoto, pakuti nambala ya galimotoyo inadindidwa pa icho. Ine ndili mbali ya achiwiriwa, ngakhale ndivomereza kuti si ine amene ndingagone pansi miyezi isanu ndi umodzi ndikuwotcherera. Munthu akasintha chasisi, injini ndi bodi, natsala ndi chikwangwani cha nambala, wakonzanso chiyani?

Mbiri imodzi iyenera kutikhudza ife a pasukulu pano. Pa 1 September 1955 anyamata asanu ndi mmodzi a ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ananyamuka ku London pa ma Land Rover awiri, nafika ku Singapore pa 6 March 1956, atadutsa Turkey, Iran, Pakistan, India ndi nkhalango za Burma. Mmodzi wa iwo, Tim Slessor, analemba buku la ulendowo lotchedwa First Overland. Galimoto imene inkatchedwa Oxford, nambala SNX 891, inapita ku chilumba cha Ascension ndi akatswiri a mbalame, kenaka inakathera pa chilumba cha St Helena, pakati pa nyanja ya Atlantic, kumene inaphwasulidwa. Mu 2017 Adam Bennett wa ku Yorkshire anabweretsa zotsala zake ku Britain, ndipo zinamangidwanso. Mu August 2019 galimoto yomweyo inanyamuka ku Singapore, Slessor ali ndi zaka 87, ndipo inalowa mu London mu December, itayenda masiku 111.

Pamene Oxford inali panjira, kampani ya Land Rover inaonetsa Defender yatsopano ku Frankfurt. Yakale, mdzukulu weniweni wa kagalimoto ka 1948, inali italeka kupangidwa ku Solihull pa 29 January 2016, patatha zaka pafupifupi 68 ndi magalimoto opitirira 2 miliyoni. Yatsopanoyo imapangidwa ku Nitra m'dziko la Slovakia, ndipo ilibe chasisi chapadera: bodi ndi msana ndi chinthu chimodzi, monga zilili pa magalimoto ang'onoang'ono a masiku ano. Ndi yolimba, yothamanga ndiponso yoteteza okwera kuposa yakale, zimenezo sinditsutsa. Koma palibe mabawuti amene mungamasule kuti bodi yake inyamuke, chasisi chitsale pabwalo.