Kutsimphina ndi Matenda a Mfundo mwa Abulu ndi Mahatchi

Mawu oyamba

Bulu akayamba kutsimphina, ngolo imaima ndipo ntchito yotuta zokolola, madzi ndi njerwa imasokonekera. Kutsimphina ndi chizindikiro chakuti chiweto chikumva ululu pamwendo kapena m'chiboda. Abulu amapirira ululu kuposa mahatchi, choncho pamene mlimi akuona kutsimphina, nthawi zambiri vutolo limakhala litakula kale.

Zomwe zimayambitsa

- Mwala, msomali kapena minga yolowa m'chiboda, komanso mafinya a m'chiboda omwe amachuluka nyengo ya mvula.
- Ziboda zotalika kapena zokhota, zomwe zimapotoza mfundo chiweto chikamaponda.
- Katundu wolemera, kuthamangitsa chiweto pamsewu wouma, ndi kuchiyambitsa ntchito yolemetsa chisanakwane zaka 4.
- Kudya chimanga kapena madeya ambiri nthawi imodzi. Izi zimatupitsa mkati mwa ziboda.
- Nyamakazi: mbali yoterera yomwe imakuta nsonga za mafupa pamfundo imaperepeseka, mafupa n'kuyamba kukhulana. Imagwira kwambiri ziweto zokalamba ndi zomwe zinavulalapo.

Kupeza mwendo wodwala

1. Yendetsani chiweto pamalo osalala ndi olimba. Ngati vuto lili pamwendo wakutsogolo, mutu umadzuka pamene mwendo wopwetekawo ukuponda pansi.
2. Yambani ndi chiboda, chifukwa kutsimphina kwambiri kumachokera kumeneko. Chinyamuleni, chotsani matope ndi timiyala, ndipo onani ngati chikutentha kapena kununkha.
3. Papasani mwendo wonse ndi kuufananitsa ndi unzake, kufufuza potupa kapena potentha.
4. Chiweto cha nyamakazi chimauma miyendo m'mawa ndi nthawi yozizira, chimavutika kudzuka, koma chimapezako bwino chikayenda pang'ono.

Chithandizo choyamba

Chimasuleni pangolo nthawi yomweyo ndi kuchipumitsa. Pamalo pomwe pangotupa kumene thirani madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 20, kawiri kapena katatu pa tsiku. Tsukani bala ndi madzi aukhondo othira mchere pang'ono. Musapake oyilo wa galimoto pabala, ndipo musawotche mfundo ndi chitsulo chamoto, chifukwa kutero kumangowonjezera zilonda.

Itanani mlangizi wa ziweto mwachangu ngati chiweto sichikupondetsa mwendo n'komwe, ngati msomali walowa m'chiboda, kapena ngati bala lili pamfundo ndipo likutuluka madzi achikasu onanda. Mabala otere amatha kuononga mfundo komanso kubweretsa kafumbata.

Kusamalira chiweto cha nyamakazi

Nyamakazi sichizika, koma chiweto chosamalidwa bwino chimatha kugwirabe ntchito zopepuka.

- Chepetsani katundu ndi kutalika kwa ulendo, ndipo pewani zitunda.
- Chiyende pang'onopang'ono tsiku lililonse. Kuchimangirira malo amodzi kumaumitsa mfundo.
- Khola likhale lofolera, louma, loyalidwa udzu wouma kuti chizigona ndi kudzuka mosavuta.
- Chisanenepe kwambiri, chifukwa thupi lolemera limapanikiza mfundo.
- Mankhwala ochepetsa ululu, monga phenylbutazone, aperekedwe ndi dokotala wa ziweto. Mlingo wa bulu ndi wosiyana ndi wa hatchi, ndipo mukapyoza muyezo amaononga m'mimba ndi impso. Musamwetse chiweto mankhwalawa n'cholinga choti chikoke ngolo chikudwala.

Kupewa

- Chotsani zinyalala m'ziboda ntchito isanayambe ndiponso ikatha.
- Ziboda zisengedwe ndi munthu wodziwa pakatha milungu 6 mpaka 10 iliyonse.
- Gwiritsani ntchito malamba okokera a pachifuwa. Goli la ng'ombe silikwana pakhosi pa bulu ndipo limamuvulaza.
- Pakirani ngolo mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo matayala akhale opopa bwino.

Alimi otsogola akulimbikitsidwa kuonetsa anzawo m'magulu kanyamulidwe ka mwendo ndi katsukidwe ka chiboda. Kuti mumve zambiri, funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu.