Makolo athu a ku Bundabunda ankayamba afunsa asanagwade

Agogo anga aakazi, amayi awo a mayi anga, anabadwa kuno m'dziko la Asoli kulibe tchalitchi ngakhale chimodzi. Lusaka amene inu adzukulu anga mumamuthamangirayu anali kamudzi chabe, ndipo pamene boma la atsamunda linkasamutsirako likulu mu 1935 iwo anali kale ndi ana. Komabe musaganize kuti anthu a nthawiyo ankakhala osapemphera. Mulungu ankamudziwa, ankamutchula Lesa. Mvula ikachedwa amayi ankafulula mowa, akuluakulu n'kupita kukachisi ndi ufa kukapempha mizimu ya makolo kuti iwalankhulire kwa Iye. Mwambo umenewo sunafe. Mumauona pa Chakwela Makumbi ku Chongwe, pamene amayi Nkomeshya Mukamambo II amapempha mvula anthu asanagwire khasu, ndipo ife a kwa mfumu Bundabunda tili ndi Chibwela Kumushi chathu.

Chimene sindifuna kuti chikupitirireni n'chakuti mvula ikakana ngakhale nsembe yaperekedwa, anthu sankatseka pakamwa. Ankafunsana pabwalo kuti kodi talakwa pati, kodi wothira nsembe anali wodziletsa, kodi mizimu yatitaya. Nkhalamba inkatha kunena poyera kuti chaka chino Lesa watiiwala, ndipo palibe ankaithamangitsa pamudzi chifukwa cha mawu amenewo.

Chikhristu chinatipeza tili otero. Mu 1905 wansembe wa Chijezuiti wochokera ku France, Jules Torrend, anatsegula mishoni ya Kasisi kumadzulo kwathu. Mu 1912 anzake a ku Poland anatsegula Katondwe kum'mawa, cha ku Luangwa. Ife tinali pakati, ndipo azunguwo tinkangowamva mbiri. Amene ankafika m'midzi anali aphunzitsi akuda, oyenda pansi, ena panjinga, atanyamula kabuku ka katekisimu ndi sileti. Ankapachika chitsulo pamtengo, n'kumachimenya m'mawa kuitana ana. Amuna opita kukasaka ndalama ya msonkho ku migodi ya Broken Hill, komwe lero mukuti Kabwe, ndi ku Southern Rhodesia, ankabwerako ndi ziphunzitso zinanso. Ena anabwera ndi Chitawala, cholalikira kuti dziko lili pafupi kutha. Mu 1925 kunamveka za Tomo Nyirenda, wodzitcha Mwana Lesa, amene ankamiza anthu m'madzi kwa Alala kumpoto kwathu ponena kuti akufufuza mfiti. Boma linamunyonga mu 1926. Agogo ankati kwa zaka ndithu mawu oti ubatizo ankawaopsa anthu, ndipo ine sindiwaimba mlandu.

Agogowo anali mkazi wachiwiri pamitala. Mphunzitsi wa mpingo anawauza kuti sangabatizidwe pokhapokha atachoka pabanjapo. Iwo sanamunyoze ndipo sanamuthawe. Anamuyalira mphasa, kumupatsa madzi, n'kuyamba kumufunsa. Ndikachoka, ana awa adyetsa ndani? Amayi anga anamwalira osamva za Yesu, kodi ali kumoto, ndipo ngati ali kumeneko ine ndikakondwa bwanji kumwamba ndili ndekha? Ngati Mulunguyo amatikonda, n'chifukwa chiyani anachedwetsa uthenga wake mibadwo yonseyi? Mphunzitsiyo anali mnyamata, zina ankayankha, zina ankangoti akafunsa kwa akuluakulu. Akabwerera mwezi wina ankapeza mafunso omwe aja akumudikira, ena atawonjezerekapo.

Kwa zaka zambiri agogo ankakhala panja pa kanyumba ka mapemphero, pansi pa mtengo, kumvera nyimbo. Anaziloweza kuposa amene ankakhala mkati. Mwana wawo wamng'ono atamwalira ndi chikuku, mphunzitsi uja anabwera, anagona pamaliro pamodzi ndi amuna a pamudzi, ndipo anagwira nawo khasu kumanda, ngakhale mwanayo sanali wobatizidwa. Agogo ankaikumbukira nkhani imeneyi kuposa ulaliki uliwonse. Anabatizidwa ali okalamba, amuna awo atamwalira. Funso la amayi awo lija silinayankhidwe mowakhutiritsa mpaka tsiku lawo lomaliza, ndipo ankalinena osachita manyazi. Koma sindinaonepo munthu wopemphera mochokera pansi pa mtima ngati iwowo. Ankakonda kutikumbutsa kuti safunsa anadya phula.

Ndili mnyamata, dzina limene linkamveka kwambiri linali la Adam Kozłowiecki. Anali wansembe wa ku Poland amene Ajeremani anamugwira mu 1939, namutsekera ku Auschwitz ndipo kenako ku Dachau, komwe anaona anzake ambiri akufa. Anatuluka mu 1945, ndipo chaka chotsatira anabwera kuno, nayamba ntchito ku Kasisi. Mu 1959 anakhala arkibishopu woyamba wa Lusaka. Patapita zaka khumi, mu 1969, anatula pansi udindowo mwa kufuna kwake kuti mwana wa dziko lino aulandire, iye n'kubwerera kukatumikira m'maparishi a kumidzi. Anamupatsa ukadinala mu 1998, ndipo anamwalira kuno ku Zambia mu 2007. Ndimamutchula chifukwa ngati panali munthu woyenera kunena kuti Mulungu kulibe, anali iyeyo, poona zimene maso ake anaona. Ngakhale anthu a mipingo ina ankamulemekeza, chifukwa ankadziwa kuti chikhulupiriro chake chinadutsa pamoto.

Amene analowa m'malo mwake pa udindo wa arkibishopu anali Emmanuel Milingo wa ku Chipata. M'zaka za m'ma 1970 anayamba mapemphero a machiritso, ndipo anthu ankakhamukirako, enanso ochokera kuno, chifukwa ankalankhula za mizimu yoipa ndi matenda amene ansembe achizungu ankawalambalala. Atamuitanira ku Rome mu 1982, ambiri anakhumudwa ndipo ena anayamba kuyang'ana kwina. Sipanapite nthawi yaitali mipingo ya Chipentekoste inafalikira, kuyambira m'tauni mpaka m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa Great East.

Pa 29 Disembala 1991 pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu. Tinamva pawailesi, ndipo ambiri anakondwa. Nyengo yomweyo mvula inadula, chimanga chinapserera m'munda, ndipo mu 1992 tinapulumukira chimanga chachikasu chochokera kunja. Zaka zomwezo edzi inali kutha ana athu, aphunzitsi, asilikali, anyamata amene tinkadalira kuti adzatiika m'manda. Ndinamva amayi okhulupirika akufunsa pamaliro kuti Mulungu ali kuti, mofanana ndi mmene agogo awo ankafunsira za mvula. Amene anasunga mpingo m'zaka zimenezo anali amayi a m'mabungwe a matchalitchi, a mayunifolomu aja, amene ankalowa m'nyumba zoopedwa kukasambitsa odwala, kuwaphikira phala ndi kulera ana amasiye. Ambiri a iwo ankalira ndi kufunsa pamene ankagwira ntchitoyo.

Tsono mumandifunsa kuti kodi Chikhristu chikukula kapena chikutha, popeza pa mafoni anu mumaona matchalitchi a ku Ulaya akutsekedwa. Zimene mumaonazo si zabodza. Kalembera wa 2021 ku England ndi Wales anapeza kuti odzitcha Akhristu ndi 46 pa 100, koyamba kutsika pansi pa theka. Mu 1910, mwa Akhristu atatu alionse padziko lapansi awiri ankakhala ku Ulaya, ndipo ife a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara sitinkakwana awiri pa 100. Pofika 2020 Akhristu onse anali pafupifupi 2.3 biliyoni, ndipo a kuno kwathu anaposa a ku Ulaya. Chiwerengero chonse chikukwera, ngakhale gawo la Akhristu pakati pa anthu onse linatsika pang'ono, kuchoka pafupifupi 31 kufika 29 pa 100 m'zaka khumi zothera mu 2020, chifukwa m'mayiko olemera ambiri akusiya chipembedzo pamene Asilamu akuchuluka mofulumira. Muno mu Zambia kalembera wa 2010 anapeza Akhristu oposa 95 pa 100. Kuchokera ku Chongwe kukafika ku Chinyunyu Lamulungu m'mawa, nyimbo za mpingo wina zisanazimiririke m'makutu mumakhala mutayamba kumva za mpingo wina. Ndiye yankho langa n'lakuti Chikhristu sichikutha, chasamuka, ndipo chasamukira kwa ife.

Koma chiwerengero sichindigonetsa tulo tabwino. Kalembera amalemba zimene pakamwa panena, salowa mumtima. Ndikuona mipingo ina kumene mbusa amatchedwa papa, mawu ake satsutsidwa, ndipo wodwala amauzidwa kuti abzale mbewu ya ndalama kapena agule mafuta odzozera. Akapanda kuchira amamuuza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Mwana akafunsa funso lolimba amamunena kuti ali ndi chiwanda. Pamene boma linalengeza za tsoka la chilala mu Febuluwale 2024, ndinaona anthu akupereka kankhuku kawo komaliza poyembekezera chozizwitsa, nkhokwe ili mbee. Si abusa onse otero, ndipo ndikudziwa ena a Chipentekoste amene amalima ndi manja awo ndi kugawana ndi amasiye. Koma kumene kufunsa kwaletsedwa, achinyamata amangokhala chete, amavala bwino, amaimba nawo kwaya, mtima utachoka kalekale. Amenewo kalembera amawawerenga ngati Akhristu, ndipo ana awo ndi amene adzasiye poyera.

Inu makolo ndi inu abusa a kuno ku Bundabunda, mwana akabwera kudzanena kuti sakumvetsa chifukwa chake Mulungu analola amayi ake kumwalira, kapena kuti sakudziwa ngati akukhulupirirabe, musamukalipire ndipo musathamangire kumutulutsa ziwanda. Mukhale naye pansi, muyankhe zimene mungathe, ndipo zimene zakukanikani mumuuze zoona kuti zakukanikani. Nanunso adzukulu anga, mukakhala ndi funso musalibise. Bwerani nalo kwa ife akuluakulu tikadali moyo.