Nsolo, bawo ndi makadi: m'mene malamulo ake anatifikira

Madzulo tikatsiriza phunziro la kuwerenga, ambiri a ife sitipita kunyumba nthawi yomweyo. Timayamba taima pansi pa mtengo pamene amuna akusewera nsolo. Pamenepo palibe bolodi, palibe coko, palibe buku. Koma malamulo alipo, ndipo ndi ovuta ndithu. Lero tiyeni tione kumene malamulowa anacokera, ndi m'mene makolo athu anawaphunzitsira popanda kulemba cilembo ngakhale cimodzi.

Masewera a maenje ndi miyala ndi akale kwambiri. Ku Matara, m'dziko la Eritrea, ndi ku Yeha, m'dziko la Ethiopia, anthu ofukula zakale anapeza maenje otere a zaka za pakati pa 500 ndi 700. M'caka ca 1658 Mfalansa wina, dzina lake Étienne de Flacourt, analemba za masewera a maenje 32 amene anawaona pa cisumbu ca Madagascar. Dzina limasintha malinga ndi dziko. Kumwera kwa dziko lathu, ku Gaza ndi ku Maputo, amati ntxuva. Ku Zimbabwe amati tsoro, ku Uganda amati omweso. Ife kuno ku Marávia, pamodzi ndi abale athu a ku Petauke ndi ku Katete, timati nsolo.

Tikumbutsane kaseweredwe kake. Timakumba mizere inayi ya maenje. Munthu aliyense ali ndi mizere iwiri ya mbali yake. M'dzenje lililonse timaikamo miyala iwiri. Mzere ukakhala wa maenje 8, maenje onse ndi 32, miyala ndi 64. Ukakhala wa maenje 12, miyala imakwana 96. Wosewera amatola miyala yonse ya m'dzenje limodzi, nkumaponya umodziumodzi m'maenje otsatira, kuzungulira mizere yake yokha. Mwala wotsiriza ukagwera pamene pali ina, amatolanso yonse nkupitiriza. Ukagwera m'dzenje lopanda kanthu, wagona. Koma dzenje lopanda kanthulo likakhala la mzere wam'kati, moyang'anana ndi miyala ya mnzake, pamenepo wadya. Amacotsa miyala ya kutsogoloyo ndi ya kumbuyo kwake yomwe. Amene miyala yamthera ndiye wagonja.

Kunena n'kosavuta. Kusewera ndi nkhani ina.

Nanga makolo ankaphunzitsa bwanji? Iwo sankakhazika mwana pansi kuti amuuze malamulo onse tsiku limodzi. Mnyamata ankayamba ndi kutumidwa. Ankapita kudambo kukatola timiyala tosalala, ankasesa pa malo, ankakonza maenje amene mvula yakwirira. Akatero ankaloledwa kukhala pambali, kumbuyo kwa agogo ake kapena amalume ake, cete, maso pa manja a akulu. Miyezi inkatha iye asanakhudze mwala. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka anyamata ankakayesa okha kubusa, akudyetsa mbuzi. Ankakumba maenje ocepa, mwina asanu ndi limodzi pa mzere, ndipo wamkulu pang'ono ankawongolera wamng'ono. Tsiku lina madala ankamuitana: "Iwe, khala apa tione." Madala sankamva cisoni. Ankamudyera miyala yonse anthu akuseka. Pambuyo pake ankabwezera miyala m'maenje monga inalili, nkumufunsa kuti, "Ukadatola apa, ukadagona pati?" Mwana ankawerenga yekha mpaka ataona pamene analakwa.

Pa nsolo wa mizere yaitali ankasewera anthu angapo mbali imodzi. Wina akatopa dzanja kapena dzenje likatalika, mnzake ankalandira miyala nkupitiriza. Oonerera nawo sankasunga pakamwa. Motero wophunzira anali ndi aphunzitsi khumi nthawi imodzi, ena olondola, ena omusokeretsa dala. Cimodzi cokha sitingaciyamikire. M'midzi yambiri atsikana sankaloledwa pabwalopo. Iwo ankasewera ciyato kuseri kwa nyumba, ndipo ambiri mwa amayi a m'kalasi mwathu anaphunzira nsolo mwa kuba ndi maso popita kumadzi.

Masewera amayenda ndi anthu a paulendo. Dziko lathu lino silinali kuseri. Likulu la mfumu Undi linali ku Mano, ndipo amalonda a minyanga, nsalu ndi golide ankadutsa kuno popita ku Tete ndi ku Zumbo. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a Ciswahili ndi a Ciyawo anafalitsa ku nyanja ya Malawi mtundu wina wa masewerawa, wochedwa bawo. M'Ciswahili mau akuti bao amatanthauza thabwa, pakuti maenje ake amasemedwa pa thabwa. Bawo ali ndi maenje 32 ndi njere 64, koma malamulo ake ndi ambiri kuposa a nsolo. Njere zina wosewera amayamba wazisunga m'manja, nkumalowetsa imodziimodzi. Njere zimene wadya sazitaya kunja, amaziyendetsa mbali yake. Palinso dzenje lina lapadera lochedwa nyumba, lokhala ndi malamulo akeake. N'cifukwa cake katswiri wa nsolo akakhala pa bawo koyamba amagonja ngati mwana. Ku Tanzania anafika pokhazikitsa bungwe la bao m'caka ca 1966, ndipo mtsogoleri wao Julius Nyerere ankakonda masewerawa.

Makadi anabwera ndi njira ina. Anafika ku Ulaya ca m'ma 1370 kucokera ku Egypt, ndipo kuno anadza ndi Apwitikizi. Masewera ao ochuka ndi sueca. Amasewera anthu anayi, awiriawiri. Makadi a 8, 9 ndi 10 amacotsedwa, nkutsala makadi 40, ndipo aliyense amalandira 10. Apa pali msampha kwa wophunzira. Khadi la 7, looneka laling'ono, lili ndi mapointi 10 ndipo limaposa mfumu imene ili ndi 4 yokha. Loposa onse ndi ás, la mapointi 11. Mapointi onse ndi 120, wopambana ayenera kupyola 60. Mtundu umodzi wa makadi umasankhidwa kukhala trunfo, ndipo umadula mitundu ina yonse. Kulankhula ndi mnzako kapena kumutsinzinira diso n'koletsedwa.

Tiyerekeze tsono masukulu awiriwa. Pa nsolo zonse zili poyera, aliyense akuona miyala ya mnzake, ndipo woonerera amaphunzira mwaulere. Pa sueca makadi ndi obisika, maina ake ndi a Cipwitikizi, ndipo woonerera saona kanthu koma misana ya makadi. Amene ankaphunzira anali awo okhala pafupi ndi azungu: ophika, asipayi, ogulitsa m'kantina, alembi a pa boma ku Fingoè. Munthu wa kumudzi ankaphunzira ndi ndalama zake. Akulu amasimba za amuna obwera kucokera ku nchito amene anakhala pa njuga asakudziwa bwino malamulo, nakafika kwa akazi ao manja ali zii.

Ndipo a ku nchito anali ambiri. M'caka ca 1913 boma la Apwitikizi linagwirizana ndi Rhodesia kuti anthu a ku Tete azitengedwa kukagwira nchito kumeneko. Ena ankathawa okha cibalo ndi msonkho, kupita ku mapulazi, ku Salisbury, kapena ku migodi ya Zambia. Pobwerako ankabwera ndi drafuti, yosewera ndi zitsekerero za mabotolo. Apa napo panabuka mkangano. Pa drafuti ya Cingerezi mfumu imayenda sitepe imodzi. Pa damas ya Cipwitikizi mfumu imauluka mzere wonse. Amuna awiri a mudzi umodzi, wina wocokera ku Salisbury wina wocokera ku Tete, ankatha kuchulana akuba, conseco aliyense akutsata cimene anaphunzitsidwa.

M'caka ca 1968 FRELIMO inayambanso nkhondo m'cigawo ca Tete. Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi yokakamiza yochedwa aldeamento, ndipo ena anathawira kuchire. Nkhondo yaciwiri itakula m'zaka za m'ma 1980, mabanja ambiri a kuno anaolokera ku Zambia, ena nakakhala ku Ukwimi, m'boma la Petauke, kuyambira 1987. Munthu wothawa sanyamula thabwa la bawo. Makadi amanyowa ndi kung'ambika. Koma nsolo afuna dothi ndi miyala basi, ndipo malamulo ali m'mutu. Kumeneko anthu a midzi yosiyana anakumana pa maenje amodzi, nazindikira kuti ngakhale nsolo sali mmodzi. Ena amati ukadya uli ndi ufulu wosankhanso dzenje lina la mnzako nkulidya. Ena amakana. Ena amati mwala umodzi sungautole pamene uli ndi dzenje la miyala iwiri. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera ndi malamulo osakanizika. Mpaka lero alendo akakumana amayamba afunsana kuti, "Tisewera cakwanu kapena cakwathu?"

Nkhaniyi ikutikhudza ife a sukulu ya akulu. Pamene dziko linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa 100 aliwonse sankadziwa kuwerenga. Nchito yaikulu yophunzitsa akulu inayamba m'caka ca 1978, koma inali m'Cipwitikizi. Kwa makolo athu ambiri zinali ngati kuphunzira sueca: malamulo acilendo m'cilankhulo cacilendo. Ambiri analeka, nadziyesa mbuli. Mu 1993 m'pamene masukulu ena a ku Tete anayesa kuphunzitsa ana m'Cinyanja.

M'kalasi mwathu muli abambo ena a imvi amene anafuna kuleka. Anati, "Aphunzitsi, mutu wanga unauma, masamu sangalowe." Madzulo ake tinawapeza pa nsolo wa maenje 8. M'dzenje lina munali miyala 19. Asanatole anati, "Mwala wotsiriza ukagwera apa," naloza dzenje lacitatu kutsogolo kwa lomwe atolemo. Anayendetsa, ndipo zinatero. Tinawafunsa m'mene anadziwira. Anati, "Kuzungulira konse ndi khumi, zisanu ndi cimodzi. Yotsala ndi itatu." M'mawa mwake tinalemba pa bolodi 19 – 16 = 3, tinawauza kuti awa ndi mau ao a dzulo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anapempha coko.

Sabata yotsatira kalasi inagwirizana kulemba malamulo a nsolo m'kope, kuti ana amene akukula ndi foni m'manja adzawapeze. Tinkayesa ndi nchito ya ola limodzi. Inatenga madzulo atatu. A ku Chiputo anakana lamulo la a ku Malowera, ndipo amayi awiri, amene sanakhalepo pabwalo, anakonza zolakwa za amuna kawiri konse. Potsiriza tinagawa tsamba pakati ndi mzere, malamulo ena kumanzere, ena kumanja. Abambo a imvi aja analemba okha nambala ya miyala.