Nthenda Imene Inaululidwa ndi Zosungidwa

Mu 1822, Augustus d'Este, mdzukulu wa Mfumu George III ya ku Britain, anayamba kuona mwachimbuuzi ali ndi zaka 28. Maso anachira, koma patapita zaka miyendo inayamba dzanzi ndi kufooka. Madokotala anagwira njakata. Iye ankangolemba m'buku zonse zimene thupi lake linkachita kwa zaka zambiri, ndipo anamwalira mu 1848. Zolembazo zitasindikizidwa mu 1948, akatswiri anaona kuti nthenda yake inali multiple sclerosis.

Ndikamawerenga mbiri ya nthendayi, ndimaona kuti imene inaiulula ndi ntchito yonyozeka ija yolemba ndi kusunga. Ku chipatala cha Salpêtrière ku Paris, Jean-Martin Charcot ankalemba zizindikiro za odwala ake: kunjenjemera kwa manja, kugwedezeka kwa maso, ndi kuyankhula modukizadukiza. Wodwala akamwalira, ankayeza ubongo ndi mtsempha wa mumsana, n'kufananiza zipsera zimene wapeza ndi zimene analemba kale. Mu 1868 anafotokoza kuti imeneyi ndi nthenda payokha.

Lero tikudziwa kuti chitetezo cha m'thupi chimaukira chikuta cha minyewa chotchedwa myelin, chimene chili ngati mphira wokutira waya wa magetsi. Chikawonongeka, uthenga wochokera ku ubongo umachedwa kapena kusokera. Kuyambira mu 1981, makina a MRI anayamba kuonetsa zipserazo munthu akali moyo. Mu 1993 dziko la America linavomereza mankhwala a interferon beta, oyamba kuchepetsa kubwererabwerera kwa nthendayi. Ochiziratu sanapezekebe.

Nanga chimayambitsa n'chiyani? Apanso zosungidwa zinathandiza. Kwa zaka zambiri gulu la nkhondo la America linkasunga magazi a asilikali ake. Mu 2022, ofufuza a ku Harvard atayang'ana zolembedwa za asilikali oposa 10 miliyoni, anapeza kuti kachirombo ka Epstein-Barr kamachulukitsa ka 32 chiopsezo chodwala nthendayi. Komabe pafupifupi wamkulu aliyense ali nako kachiromboka, ndipo odwala ndi ochepa. Chibadwa, kusuta fodya ndi kuperewera kwa vitamini D nazo zimathandizira.

Amene ankaika magaziwo mufiriji sankadziwa funso limene adzayankhe. N'chifukwa chake ndimati kaundula wa m'chipatala asamatayidwe ngati chikutu. Wodwala wa mawa angadzapulumukire pa mzere umene kalaliki wotopa walemba lero.