Maina a Malo Oimapo Sitima

Ku Lundazi sikunafikeko njanje ndi kale lonse. Koma munthu akaima pa msika wa Lundazi m'mamawa, amamva anyamata a mabasi alikuitana kuti Chipata, Lumezi, Chama. Palibe amene aitana kuti M12, cinkana ndilo dzina la mseu wa ku Chipata m'mabuku a Boma. Wapaulendo acula kumene kuli anthu amene awafuna, osati njira yace. Mkhalidwe umenewu ngwakale, ndipo mbiri ya njanje m'dziko lino iuonetsa poyera.

Njanje yocokera kumwera inaoloka Zambezi pa ulalo wa ku Victoria Falls m'caka ca 1905, nifika ku Broken Hill mu 1906. Azungu oimanga anaika malo opatukirapo sitima apa ndi apo m'thengo, ndipo malo onsewo anafunika maina. Miseu yoti achulepo kunalibe. Tsono anatenga maina amene anawapeza kwa eni dziko. Monze ndi dzina la mfumu ya Atonga. Mu 1905 anaika kasiteshoni pafupi ndi mudzi wa nyakwawa ina, dzina lace Lusaaka. Kamalo konyozeka komweko ndiko kanakula, kufikira kuti mu 1935 Boma linasamukirako kucokera ku Livingstone. Motero likulu la dziko lonse lichedwa ndi dzina la nyakwawa ya pamudzi, si la bwanamkubwa ai.

Maina ocokera kutali ambiri sanakhalitse. Dzina loti Broken Hill analibwereka ku mgodi wina wa ku Australia, pamene eni malo anali nalo lao, Kabwe. Ndipo utafika ufulu wa 1964 sipanapite nthawi, lakwao linabwerera. Cimodzimodzi Fort Jameson anasanduka Chipata, kumene njanje yocokera ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010.

Wina anganene kuti zinatero cifukwa kuthengo kunalibe miseu. Koma taonani zimene zinacitika mu Lusaka m'zaka za m'ma 1990. Nthawi imeneyo mzindawo unali ndi miseu ya maina, monga Cairo Road ndi Church Road. Pamene anayambitsa sitima yonyamula anchito m'kati mwa mzinda, yochedwa Njanji Commuter, anthu anaidziwa kuti ndi sitima ya ku Chilenje ndi ku George, ndiwo makomboni a kunsonga zace. George ndi dzina lacizungu ndithu, koma linaleka kale kukhala la munthu mmodzi. Lero ndi la onse ogona m'menemo.

Ife alembi a m'maofesi tikonda maina a miseu, pakuti alembeka bwino pa mapu, pamene komboni iribe malire odziwika. Mau amenewo ali ndi nzeru pang'ono. Koma mseu ndi cinthu cacitali: Great East Road acokera ku Lusaka napitirira Chipata, mtunda woposa makilomita 500. Nanga mai wocokera kwa Mwase kapena kwa Magodi, wosadziwa kuwerenga, wofunafuna mwana wace m'tauni, dzina lotere limthandiza ciani? Iye wasunga mau amodzi okha amene anauzidwa, akuti Chilenje. Akawamva atsika, ndipo oyamba kukomana nao amlozera nyumba.

Sitima ija inaleka kuyenda zaka za m'ma 1990 zisanathe. Nchito yace inatsalira mabasi ang'onoang'ono, ndipo anyamata ace aitanabe Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama.